Ndiwauze chiyani anyamata anga za masewero a Flames ndi Morocco usiku uno?

Mwini funso, Bangwe:

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni kuchokera kuno ku Blantyre. Ndikulemba m'mawa wa Lachiwiri, pa 25 January 2022, mvula ya namondwe wa Ana isanasiye bwinobwino. Magetsi anazima dzulo ndipo foni ino ndaitchajira m'galimoto ya aneba, choncho mundikhululukire ngati ndichedwe kuyankha.

Ine ndimaphunzitsa mpira anyamata 18 a zaka zapakati pa 10 ndi 14, pa bwalo lafumbi lomwe magolo ake ndi mitengo ya bulugamu. Kale ndinkavutika kupeza mwana woti aime pagolo, chifukwa aliyense ankafuna kukhala kutsogolo, koma chichitikireni masewero a Flames ndi Senegal aja, mu mpikisano wa matimu a maiko a mu Africa (AFCON) womwe ukuchitikira ku Cameroon, anyamata anayi akulimbirana malo amenewa, ndipo wina amabwera atavala masokosi akale m'manja ngati magolovesi, n'kumati anzake azimutchula Charles Thom, goloboyi wa Flames. Lamlungu titamaliza zokonzekera, mwana yemweyo anandigwira malaya n'kundifunsa ngati tipambane Morocco. Ndinangoti tidzaona, ndipo nkhope yake inandionetsa kuti yankho limenelo silinamukwane. Madzulo ano anyamatawa abwera kunyumba kwanga, ndipo funsolo alibwereza.

Mmene ndikuonera ine ndi motere. Takafika mu ndime yachipulula ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu, pakuti mu 1984 ku Ivory Coast ndi mu 2010 ku Angola tinathera m'magulu. Mu gulu B tinagonja 1-0 kwa Guinea, tinapambana Zimbabwe 2-1, kenaka tinalepherana ndi Senegal popanda chigoli, n'kudutsa ndi mapointi 4 ngati imodzi mwa matimu omwe anachita bwino pa nambala yachitatu. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'masewero atatu onsewo tagoletsa zigoli ziwiri zokha, ndipo zonse wagoletsa munthu mmodzi, Gabadinho Mhango. Anzathuwo anapambana Ghana 1-0, Comoros 2-0, n'kufanana mphamvu ndi Gabon 2-2, ndipo masewero awo onse atatu anachitikira pa bwalo la Ahmadou Ahidjo ku Yaoundé, pomwe tikumane nawo lero, pamene ife sabata ziwiri zonse tinali ku Bafoussam.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, kwa inu amene mumautsata mpira mozama, kodi mwayi wathu weniweni uli pati, kuti ndiwauze anawa zoona popanda kuwanamiza komanso popanda kuwafooketsa? Lachiwiri, masewero akuyamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno, ndipo malo okhawo apafupi amene ali ndi jenereta ali kutsidya kwa khwawa lomwe ladzaza madzi. Makolo ena andilola kale kuti ndipite nawo. Kodi ndiwatenge?

Bambo wa ku Mzuzu:

Akochi, ndikuthokozeni chifukwa cha ntchito imene mukugwira ndi ana athuwo. Ndiyankha funso loyamba, ndipo sindikubisirani: Morocco ndi yamphamvu kutiposa pafupifupi pa malo aliwonse a m'bwalo. Pagolo ali ndi Yassine Bounou wa ku Sevilla, kumbuyo kuli kaputeni wawo Romain Saïss wa ku Wolves, kumanja kuli Achraf Hakimi wa ku PSG, pakati pali Sofyan Amrabat, ndipo kutsogolo kuli Sofiane Boufal ndi Youssef En-Nesyri. Mphunzitsi wawo, Vahid Halilhodžić, anasiya Hakim Ziyech kunyumba atasemphana maganizo, koma timuyo sikuoneka kuti ikulira naye. Ana aziuzidwa zimenezi, chifukwa mwana amene akudziwa kukula kwa mdani ndi amene amamvetsa kulemera kwa mphindi iliyonse imene timu yake yapirira.

Komabe mwayi ulipo, ndipo ndikuuona pa zinthu zimene maso athu aona kale. Senegal inali ndi Sadio Mané, Kalidou Koulibaly ndi Édouard Mendy, koma inalephera kutigoletsa kwa mphindi 90, ndipo tonse tikukumbukira penate imene oyimbira anatipatsa n'kuibweza atapita kukaonanso zomwe zinachitika pa kanema wa VAR. Tsiku limenelo anyamata athu sanatalikirane: otchinga kumbuyo ndi osewera pakati anali pafupipafupi, mpata wodutsa pakati panalibe, ndipo tikalanda mpira tinkauponya kutsogolo msangamsanga, monga mmene Mario Marinica, amene akutsogolera timu yathu, wakhala akufunira. Gabon nayo inationetsa njira, pakuti inatsogola kawiri konse pa Morocco, ndipo otchinga kumbuyo awo akakwera kwambiri amasiya malo kumsana kwawo. Hakimi amathamangira kutsogolo ngati winga, ndiye kuti mbali yakeyo imatsala yotseguka kwa kanthawi kochepa mpira ukangolandidwa. Ngati Francisco Madinga kapena Khuda Muyaba angamaonekere m'malo amenewo, Gabadinho adzapeza mipira iwiri kapena itatu yoti achite nayo kanthu, ndipo mu ndime yachipulula mipira iwiri imakwana.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi mafaulo apafupi ndi bokosi lathu. Chigoli chachiwiri chimene Morocco inabwezera Gabon, masewero ali pafupi kutha, chinali firikiki ya Hakimi yemweyo. En-Nesyri nayenso ndi woopsa pamutu, kotero makona ndi makolosi ochokera m'mbali tisamawapereke mwachisawawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lero kudekhako kukutanthauza kuima ndi miyendo, kumutsekera munthu njira, osathamangira kugwa pansi ndi takulo. Tikafika pa kupumula tisanagoletsedwe, mantha adzasamukira kwa iwo, chifukwa dziko lawo lakhala likudikira chikho chimenechi kuyambira 1976, ndipo kutulutsidwa ndi Malawi kungakhale chinthu chimene sangachifotokoze kwawo.

M'Malawi wokhala ku Johannesburg:

Achimwene a ku Mzuzu alongosola bwino, koma ine ndikusiyana nawo pang'ono pa nkhani ya kudikira. Kusewera modziteteza kwa mphindi 90 ndi Senegal kunatheka chifukwa kulepherana kunali kotikwanira, pamene lero palibe kulepherana: wina ayenera kutuluka, ngakhale zitafika pa mphindi 30 zoonjezera ndi mapenate. Senegal ija inali isanayambe kugoletsa, pakuti m'gulu lonse inapeza chigoli chimodzi chokha, cha penate pa Zimbabwe, pamene Morocco yagoletsa zisanu. Timu yotere ukaisiyira mpira usiku wonse, miyendo ya otchinga kumbuyo imatopa, ndipo cholakwika chimodzi chimabwera ndithu. Ine ndikufuna tiyambe molimba mtima mphindi 15 zoyambirira, tiwapanikize asanakhazikike, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene angakhale akutiderera.

Za Gabadinho ndinene zimene ndikudziwa monga munthu amene ndimamuona kuno. Ku Orlando Pirates wakhala nthawi yaitali osapatsidwa mpata wokwanira, ndipo ambiri ankati mwina watha, koma munthu yemweyu anali mmodzi mwa omwetsa zigoli zambiri mu ligi ya kuno mu 2020. Ku Cameroon wapita ndi njala yofuna kudzionetsa, ndipo zigoli ziwiri za pa Zimbabwe zinabwera titatsalira kale ndi chigoli chimodzi. Nkhawa yanu yoti tikudalira munthu mmodzi ndi yoona, akochi, ndipo Saïss adzamuyenda pamsana usiku wonse, n'chifukwa chake John Banda ndi anzake apakati ayenera kuyesanso kuwombera ali patali m'malo mofunafuna Gabadinho nthawi zonse.

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:

Abambo inu mukambirana za m'bwalo, koma ine ndikufuna ndiyankhe funso lachiwiri monga kholo. Akochi, chonde musawaolotse anawo khwawa usiku. Ngakhale makolo avomera, avomera chifukwa amakukhulupirirani, osati chifukwa aona madziwo mumdima. Masewero akayamba 9 koloko adzatha cha m'ma 11, ndipo akapita ku nthawi yoonjezera ndi mapenate mudzakhala mukubwerera pakati pa usiku, ndi ana 18, opanda magetsi, nthaka ili yonyowa, ena akulira kapena akudumphadumpha ndi chimwemwe. Munthu mmodzi simungawayang'anire onse. Tikumva kale za mavuto amene madzi achita ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo dzulo lomweli anthu amwalira pa chipwirikiti cha pa bwalo la Olembe ku Yaoundé pa masewero a Cameroon ndi Comoros. Mpira tonse timaukonda, koma lero ndi tsiku loti tisamale ana. Funani wayilesi ya mabatire, muwasonkhanitse amene amakhala pafupi nanu, ndipo akutali amvere ndi makolo awo.

Mkulu wa ku Zomba:

Mwana wanga, mayiwa anena zoona ndipo ndikugwirizana nawo kotheratu. Ife tinakula tikumvera Flames pa wayilesi, anthu khumi titazungulira kabokosi kamodzi pakhonde, ndipo palibe chimene tinaperewera. Mwana amene akumvera amaujambula mpira m'mutu mwake, ndipo inu monga mphunzitsi mukhoza kutenga timiyala kapena zitsekerero za mabotolo, n'kuziyala pansi pafupi ndi nyali, kuti muziwaonetsa pamene aliyense waima pamene wolengeza akutchula mayina.

Pa za mwayi wathu, ndikukumbutseni zinthu zitatu zimene anawo sakuzidziwa chifukwa anali aang'ono kapena anali asanabadwe. Mu January 2010 ku Luanda, timu ya Kinnah Phiri inagonjetsa Algeria 3-0, ndi zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, pomwe Algeria imeneyo inali itapeza kale malo ku mpikisano wa dziko lonse wa chaka chomwecho. Koma timu yomweyo inagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera kumudzi, ndiye kuti tsiku labwino limodzi limatheka, ngakhale silikhala lonjezo. Chachiwiri, Morocco yomweyi inatigonjetsa 3-0 ku Casablanca mu 2018, koma itabwera kuno mu March 2019 tinalepherana nayo 0-0. Chachitatu n'cha sabata ino: Nigeria inapambana masewero ake onse atatu a m'gulu, koma Lamlungu yatulutsidwa ndi Tunisia imene inadutsa pa nambala yachitatu ngati ife, ndipo dzulo Gambia, imene ikusewera mpikisanowu koyamba, yatulutsa Guinea imene inatigonjetsa ija. Algeria, eni chikho, ndi Ghana anapakira kale katundu m'magulu momwe.

Ine ndikanakhala inu, ndikanamuuza mwana wa masokosiyo kuti Morocco ndi imene ili ndi mwayi waukulu, koma kuti mwayi wathu wagona m'manja mwa munthu amene waima pa malo ake iyeyo. Goloboyi wa Comoros anagwira penate ya En-Nesyri m'gulu, ndipo anabweza mipira yambiri tsiku limenelo. Mupatseni ntchito yowerenga mipira imene goloboyi wathu agwire, wina awerenge mafaulo amene tichite pafupi ndi bokosi, wina makona. Mukatero, kaya tipambana kaya tigonja, mawa lake mudzakhala ndi zokambirana nawo pa bwalo, ndipo sadzangotsala ndi zotsatira zokha.

Bambo wa ku Mzuzu:

Ndiwonjezere pang'ono pa zimene achimwene a ku Johannesburg anena. Sindikukana kuyamba molimba mtima, koma tikagoletsa msanga, ntchito yeniyeni ndi pamene idzayambe, chifukwa padzatsala mphindi zambiri zoti tipirire, ndipo mphindi zisanu zomaliza za chigawo choyamba ndi zimene matimu aang'ono amatayira tcheru. Wopambana lero akumana ndi Ivory Coast kapena Egypt, amene akusewera mawa ku Douala, koma anawo musawalole kufika kumeneko, aganize za usiku uno wokha.

Mwini funso, Bangwe:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu mayi a ku Area 25, chifukwa mumtima mwanga ndinali nditatsala pang'ono kuvomera ulendowo poopa kuwakhumudwitsa anawo. Ndapita kukaliona khwawalo masana ano, ndipo miyala imene timapondapo poolokera yamira yonse. Sitiwoloka. Ndayenda m'nyumba za makolo kuwauza, ndipo tagwirizana kuti anyamata asanu ndi awiri a mbali ino abwere kwathu ndipo agone konkuno, pamene enawo amvere kwawo. Mabatire a wayilesi ndagula, ndipo mayi akunyumba aphika chimanga choti tizidya podikira.

Agogo a ku Zomba, zitsekerero 22 tatolera kale, zofiira zathu ndi zobiriwira za Morocco. Mwana wa masokosi uja anafika msanga kuposa anzake, ndipo atandifunsanso ndinamuuza monga mwandilangizira, kuti anzathuwo ndi amphamvu kutiposa, koma kuti Senegal nayonso inali yamphamvu ndipo sinagoletse. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandipempha pepala ndi pensulo zoti alembepo mipira imene goloboyi agwire. Batire ya foni yatsala pang'ono, ndiye ndikuizimitsa tsopano kuti ndidzathe kukulemberani masewero akatha.