Za bass za ku Darwendale zija

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake nsomba za bass za m'damu la Darwendale ku Zimbabwe zimangotsatira spinnerbait yanga (nyambo ya tizitsulo tozungulira m'madzi) osaluma. Achimwene ena anayankha kuti ndisapupulume, madzi a mu July amazizira ndipo nsombazi zimachita ulesi. Ananena zoona.

Loweruka ndinalawirira kuchoka ku Harare. Ndinamanga nyongolotsi yapulasitiki yakuda, nsonga ya mbedza nditaibisa m'thupi mwake, kamangidwe kaja amati Texas rig. Sikakola msanga m'zitsa ndi m'udzu. Ndinkaponya pafupi ndi chitsa, kuisiya imire mpaka pansi, kukoka pang'ono, kuima, kukokanso. Kuimako n'kumene zinkalumira.

M'mawa wonse zii. Dzuwa litatentha ndinagwira zitatu, ina yaikulu n'kudula chingwe pachitsa, mtima ukadawawa. Ndagula chingwe chokulirapo.