Kodi BBC Proms imene timaonera pa kanema chaka chilichonse ndi yotani, ndipo n'koyenera kupitako ndi mwana?

Mayi wa ku Leicester analemba kuti:

Moni nonse, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku Britain. Chaka chilichonse, mwezi wa July ukangofika pakati, BBC imayamba kuonetsa makonsati a okestra madzulo, amene amawatcha BBC Proms, ndipo amapitirira mpaka mu September. Kale ndinkangosintha tchanelo, koma tsopano mwana wanga wamkazi wa zaka 11 akuphunzira vayolini kusukulu, ndipo aphunzitsi ake anauza ana onse kuti azionera makonsatiwa pa tchuthi. Mwanayo wawakonda kwambiri moti akundiumiriza kuti tikaonere pamaso ku London.

Ndisanawononge ndalama ya sitima ndi matikiti, ndikufuna kumvetsa zinthu zingapo. Pa kanema ndimaona anthu ambiri ataimirira pakati pa holo, kutsogolo kwenikweni kwa oimba, pomwe ena akhala pamipando mozungulira. Kodi oimirirawo ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sapatsidwa mipando? Ndimaonanso kuti pa ndondomeko pamakhala konsati pafupifupi tsiku lililonse, koma amene amaoneka pa kanema ndi ochepa chabe. Chimene chikundikayikitsa kwambiri ndi ichi: konsati imene ndinaionera yonse inali yotsekera, ndipo munali mbendera za Britain zokhazokha, anthu akuimba mokweza nyimbo zotamanda dziko lawo. Kunena zoona, ndinaona ngati ndi mwambo wa eni dziko, umene mlendo ngati ine sangaupeze malo. Amene munapitako, ndithandizeni maganizo.

Mphunzitsi wopuma, Croydon, anayankha kuti:

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambire pa anthu oimirira aja, chifukwa chikondwerero chonsechi chinamangidwa pa iwowo. Chinayamba pa 10 August 1895 mu holo ina ya ku London yotchedwa Queen's Hall. Woyang'anira holoyo, Robert Newman, ankafuna kuti anthu wamba, amene sakanakwanitsa kugula mipando yodula, azimva nyimbo za okestra pamtengo wotsika, ndipo cholinga chake chinali kuyamba ndi nyimbo zosavuta kumva kenako n'kumawazoloweretsa pang'onopang'ono nyimbo zikuluzikulu. Anachotsa mipando yapakati, tikiti yoimirira n'kukhala shereni imodzi, ndipo masiku amenewo anthu ankaloledwa kudya, kumwa ngakhale kusuta fodya nyimbo zili mkati. Wotsogolera oimba amene anamusankha anali mnyamata wa zaka 26, Henry Wood, yemwe anagwira ntchitoyi pafupifupi zaka 50 mpaka pamene anamwalira mu 1944. Mukamaonera pa kanema, yang'anitsitsani kumbuyo kwa oimba, patsogolo pa limba lalikulu lija: mudzaona chifanizo cha mutu wake, chimene amachiika pamenepo nyengo yonse ya makonsati.

BBC inatenga udindo woyendetsa makonsatiwa mu 1927, Newman atamwalira ndipo nkhani ya ndalama itavuta. Queen's Hall inapsa ndi mabomba a Germany mu May 1941, n'chifukwa chake anasamukira ku Royal Albert Hall ku South Kensington, holo yozungulira imene inatsegulidwa mu 1871 ndipo mumalowa anthu oposa 5,000. Koma mwambo woimirira sunathe. Mpaka lero pa konsati iliyonse amasunga malo pafupifupi 1,000 a anthu oimirira, ena pabwalo lapakati, ena pakhonde la pamwamba penipeni pafupi ndi denga. Mu 2024 tikiti yotere inali mapaundi 8. Taganizani: pa ndalama imeneyo munthu amaima mamita ochepa kuchokera pamene pakhala oimba a Berlin Philharmonic, okestra yotchuka ya ku Germany, pafupi kuposa amene walipira ndalama zambiri pampando. Choncho oimirira aja sikuti amanidwa mipando ayi. Ambiri a iwo ndi anthu odziwa bwino nyimbo amene amabwera usiku ndi usiku, ndipo oimba otchuka amayamikira kuti anthu amenewa amamvetsera mwachete kwambiri.

Pa nkhani ya kanema, muyenera kudziwa kuti mwini wake weniweni wa Proms ndi wailesi yomvera. Makonsati onse, amene mu Royal Albert Hall mokha amaposa 70 m'masabata 8, amaulutsidwa pa BBC Radio 3. Amene amajambulidwa pa kanema amangopitirira 20 pang'ono, ambiri pa BBC Four, ena pa BBC Two ndi BBC One, chifukwa kuika makamera ambiri ndi antchito ake m'holo usiku uliwonse kumadya ndalama zochuluka, komanso matchanelo ali ndi mapulogalamu ena. Amasankha usiku wotsegulira, usiku wotsekera, oimba a mayina akuluakulu ndi makonsati amene angakope anthu ambiri, monga a nyimbo za m'mafilimu. Zotsatira zake n'zakuti munthu woonera kanema yekha amaona mbali yaphokoso ndi yonyezimira, osaona masiku wamba a pakati pa sabata pamene anthu amangobwera kuchokera kuntchito, zikwama zili kumsana, kudzamvera nyimbo za opeka akale otchuka monga Brahms kapena Sibelius, kapenanso nyimbo yatsopano imene BBC yalipira wopeka kuti alembe. Usiku wotsekera umene munaonera uja ndi umodzi wokha, ndipo sufanana ndi ena onsewo.

Bambo wa ku Manchester anayankha kuti:

A Mphunzitsi afotokoza bwino mbiri, koma ndikusiyana nawo pang'ono pamene akuoneka kuti akuchepetsa nkhani ya usiku wotsekera. N'zoona kuti ndi usiku umodzi, koma ndi umene anthu mamiliyoni amaonera, ndipo gawo lake lachiwiri amaliika pa BBC One, tchanelo chachikulu cha dziko lino. BBC ikudziwa bwino chimene ikuonetsa dziko lonse usiku umenewo, choncho mmene Mayi anamvera si kulakwitsa kwawo.

Nyimbo zimene zimabweretsa mkangano ndi ziwiri. Ina ndi Rule, Britannia! imene Thomas Arne anaipeka mu 1740, ndipo mawu ake amanyadira ulamuliro wa Britain panyanja n'kulumbira kuti anthu ake sadzakhala akapolo, chikhalirecho zombo za dziko lomweli pa nthawiyo zinali kalikiliki kunyamula akapolo kuchokera ku Africa kupita ku America. Inayo ndi Land of Hope and Glory, imene mawu ake anaikidwa pa nyimbo ya Edward Elgar mu 1902, ndipo amapempha kuti malire a ufumu wa Britain azikulirakulira. Ife amene makolo athu anakhala pansi pa ulamuliro umenewu kuyambira 1891 mpaka 1964, dziko lathu likutchedwa Nyasaland zaka zambiri mwa zimenezo, sitingamve mawu amenewa ngati nthabwala chabe, ngakhale ndikuvomereza kuti ambiri mwa oimbawo sakuganiza n'komwe za atsamunda, akungosangalala.

Nkhaniyi inafika poipa mu 2020, pamene chifukwa cha mliri wa Covid-19 m'holo munalibe anthu, ndipo BBC inalengeza kuti nyimbo ziwirizi ziimbidwa ndi zida zokha popanda mawu. Manyuzipepala ndi andale, kuphatikizapo nduna yaikulu ya nthawiyo Boris Johnson, anakalipa kwambiri, wotsogolera oimba usiku umenewo, mayi Dalia Stasevska wa ku Finland, ananyozedwa pa intaneti pa chigamulo chimene sichinali chake, ndipo pamapeto pake BBC inabweza mawu n'kulola kagulu kochepa ka oimba kuimba mawuwo. Kumayambiriro kwa 2024 woimba chelo (chida cha zingwe chonga vayolini yaikulu) Sheku Kanneh-Mason, amene anabadwira ku Nottingham ndipo anaimba nawo usiku wotsekera wa 2023, ananena pa wailesi kuti nyimbo ya Arne ija imasowetsa mtendere anthu ambiri ndipo ingalowedwe m'malo ndi nyimbo zina za ku Britain. Mawu achipongwe osankhana mtundu amene analandira pambuyo pake akusonyeza kuti bala limeneli silinapole. Sindikunena kuti Mayi asapite ayi. Ndikungonena kuti apite akudziwa kuti chikondwererochi chili ndi nkhope ziwiri.

Wakwaya wa ku Reading anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi Bambo a ku Manchester pa za mawu a nyimbo zija, koma Mayi asade nkhawa kuti angapezeke mu usiku wotsekera mwangozi. Matikiti ake ndi osowa kwambiri, ndipo ambiri amagawidwa mochita maere pakati pa anthu amene agula kale matikiti a makonsati ena osachepera 5. Amene inu mungapiteko ndi enawo, ndipo kumeneko simudzapeza anthu akukupiza mbendera.

Ine ndimaimba kwaya ya mpingo kuyambira ndili kumudzi, ndipo chimene chinandikokera ku Royal Albert Hall poyamba ndi makwaya. Munthu amene anakulira m'tchalitchi momwe anthu amaimba m'mawu anayi, soprano, alto, tena ndi besi, sakhala mlendo akamva oimba mazana akutsegula pakamwa pamodzi m'holo imene ija, limba la mapaipi 9,999 likugunda mpaka pansi pamene wapondapo kumanjenjemera. Zimenezi sipika ya kanema singazitulutse. Ndipo anthu a ku Africa akuonekera kwambiri papulatifomu paja zaka zino. Gulu la achinyamata oimba zida za zingwe la Buskaid la ku Soweto linaimbako mu 2007. Okestra ya Chineke!, imene Chi-chi Nwanoku anaiyambitsa mu 2015 pofuna kupereka mwayi kwa oimba akuda ndi a mitundu ina yochepa ku Ulaya, inaimba ku Proms koyamba mu 2017. Golda Schultz wa ku South Africa ndiye anali woimba wamkulu usiku wotsekera wa 2020 womwe uja, Abel Selaocoe wa ku Sebokeng m'dziko lomwelo anabwera ndi chelo chake mu 2021 akuimbanso ndi pakamwa m'zinenero za kwawo, ndipo Masabane Cecilia Rangwanasha anaimba usiku wotsegulira wa 2022. Kwa mtsikana wa zaka 11 amene akunyamula vayolini kupita nayo kusukulu, kuona anthu ofanana naye ali pamenepo si chinthu chaching'ono.

Pali miyambo ina imene mwana wanu adzaseka nayo. Antchito akamatsegula chivundikiro cha piyano yaikulu, anthu a pabwalo lapakati amafuula mawu amodzi ngati akuthandiza kunyamula katundu wolemera, ndipo a pakhonde lapamwamba amayankha. Mtsogoleri wa oimba vayolini akagunda noti imodzi pa piyanoyo kuti anzake achunire zida zawo, anthu amamuombera m'manja ngati waimba nyimbo yonse. Mukayang'ana kudenga mudzaona zimbale zikuluzikulu zolendewera zooneka ngati bowa; anaziika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chifukwa holoyo inkabweza mawu kwambiri, moti anthu ankaseka kuti ndi malo okhawo amene wopeka nyimbo angamve nyimbo yake kawiri. Za zovala musavutike nazo, anthu amabwera ndi majinzi ndi nsapato wamba. Chofunika n'kudziwa kuti nyimbo yaitali imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo ambiri amadikira kuti zonse zithe asanaombe m'manja, ngakhale ku Proms salimbikira kwambiri lamulo limeneli.

Mayi wa ku Leicester analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwanditsegula maso. Zimene Bambo a ku Manchester anena ndizikambirana ndi mwanayu, chifukwa ali pa msinkhu woti akhoza kumva mbiri ya kwawo ndi ya dziko limene akukuliramo. Koma ndatsala ndi nkhawa imodzi. Kodi mwana angathe kuimirira maola awiri athunthu, nanga munthu wamfupi ngati iyeyo adzaona chiyani pakati pa akuluakulu? Komanso konsati ikatha usiku, kubwerera ku Leicester kukhoza kutivuta.

Mphunzitsi wopuma, Croydon, anayankhanso kuti:

Mayi, pa ulendo woyamba musasankhe bwalo lapakati, chifukwa m'holomo mumatentha kwambiri mwezi wa August ndipo mwanayo adzangoona misana ya anthu. Pakhonde lapamwamba pamakhala malo okwanira, anthu amakhala pansi kutsamira khoma, ena amagona chagada n'kutseka maso, ndipo akafuna kuona amaima pachitsulo chotchinga n'kuyang'ana okestra yonse kuchokera pamwamba. Ngati mungakonde mipando, BBC yakhala ikugulitsa matikiti a ana osakwana zaka 18 pa theka la mtengo pa makonsati ambiri, koma muyenera kugula msanga, chifukwa ndondomeko imatuluka mu April ndipo matikiti amayamba kugulitsidwa mu May. Matikiti oimirira okha ndi amene amagulidwa pa intaneti tsiku la konsati likafika pafupi.

Pa za kubwerera, yang'anani makonsati a m'mawa kapena masana a Loweruka ndi Lamlungu, amene ena mwa iwo amakonzedwera mabanja. Sitima ya ku Leicester imafikira pa St Pancras, ndipo kuchokera pamenepo sitima yapansi ya Piccadilly imakufikitsani pa South Kensington popanda kusintha, kenako n'kuyenda wapansi mphindi pafupifupi 15 mumsewu wa Exhibition Road. Ndikulangizanso kuti musankhe konsati imene muli nyimbo ya vayolini ndi okestra, monga ya Mendelssohn kapena ya Bruch, ndipo mwanayo ayambe waimvera kangapo kunyumba musananyamuke.