Asupavaiza akuti mu dissertation yanga mwiniwake sakumveka, ndikonze pati?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. Ndili chaka chomaliza, ndikulemba dissertation ya education. Chaputala 2, chomwe ndikuunika zomwe ena analemba kale pa mutu wanga, chabwerera ndi ndemanga yoti muli maganizo a anthu ena okhaokha, ine sindikuonekamo. Chikundisokoneza n'chakuti tinaphunzitsidwa kuti "I" salembedwa mu Chingerezi cha sukulu, ndiye paliponse ndimaika "the researcher". Ndingoyamba kuthira "I"? Sadzandidula malikisi?

Mphunzitsi wa kalembedwe:
Musanasinthe chilichonse, pezani kabuku ka malamulo a dissertation ka dipatimenti yanu. Ngati akuti mutsate APA 7 (malamulo a kalembedwe ndi katchulidwe ka mabuku a bungwe la American Psychological Association), dziwani kuti APA yomweyo imalimbikitsa "I" pofotokoza zomwe mwachita nokha, ndipo siikonda kuti munthu azidzitchula "the researcher". Mawu amenewa amasocheretsa owerenga. Mukangomaliza kukamba za ofufuza atatu kenako n'kulemba "the researcher found", sitidziwa kuti ndi inu kapena mmodzi wa atatu aja.

Vutoli si lanu nokha. Mu 2002 Ken Hyland, katswiri wa kalembedwe ka ku yunivesite, anaunika malipoti 64 a ophunzira a chaka chomaliza ku Hong Kong, n'kuwayerekeza ndi nkhani za akatswiri za m'majenolo. Ophunzira ankadzitchula mochepa kwambiri, ndipo akatero kunali potchula cholinga kapena njira yomwe anatsata. Pofika poti anene maganizo awo ankabisala. Pamenepo m'pomwe woyesa mayeso amakufunani.

"I" muikeni malo atatu: mu introduction ponena chomwe mukufuna kutsimikiza ("I argue that"), mu methodology pofotokoza zomwe munasankha ndi chifukwa chake ("I interviewed twelve teachers because"), ndi mu discussion potanthauzira zomwe mwapeza. "I think" ndi "I feel" muzisiye, sizinyamula umboni.

Wokonza mathesisi ku Lilongwe:
Achimwene kapena achemwali, zomwe anena aphunzitsizi n'zoona, koma chaputala 2 sichichira ndi "I". Mutha kumuika kakhumi, ndemanga n'kubwera yomweyo.

Chipulinteni, mutenge mapeni awiri. Ziganizo zonena zomwe ena analemba zilembeni mzere wofiira, zomwe mukuyerekeza, kutsutsa kapena kulumikiza ndi funso lanu wobiriwira. Ndime yofiira yokhayokha ndiyo yodwala. Kawirikawiri imayamba ndi "Wakuti (2015) states", yotsatira "Uje (2018) states", mpaka tsamba kutha, ngati kaundula wa mayina. Ikonzeni chonchi: chiganizo choyamba chikhale mfundo yanu, chopanda dzina la munthu. Kenako ziganizo ziwiri kapena zitatu za umboni, olemba ogwirizana muwaike m'bulaketi imodzi kumapeto. Chomaliza chinene zomwe umboniwo sukufikapo. Mwachitsanzo, ngati mutu wanu ndi chiyankhulo chophunzitsira ndipo zomwe mwawerenga zambiri n'za Chiswahili ku Tanzania, nenani kuti sizikutiuza za mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao. Chiganizo chimenecho n'chanu ngakhale mulibe "I".

Yang'ananinso maverebu. "Shows" ndi "demonstrates" zikutanthauza kuti mwavomereza. "Suggests" mwavomereza pang'ono. "Claims" ndi "assumes" mukukayika. Mukamangoti "states" paliponse, mwakana kuweruza.

Mayi wa za ziyankhulo:
Ndionjezepo za ulemu. Kwathu kuno munthu wamng'ono satsutsa wamkulu pamaso, ndipo ambiri amaona ngati kulemba kuti pulofesa wakuti sanaganizire mbali ina n'chipongwe. Mu kalembedwe ka ku yunivesite, kusonyeza malire a ntchito ya munthu ndi njira yoilemekeza, bola mukambe za ntchitoyo osati za mwiniwake. "The sample was limited to urban schools" ndi yokwanira.

Ena amathawira kwa "we". Dissertation ya munthu mmodzi ikadzaza "we collected", pa defence (pomwe mumayankha mafunso a oyesa mayeso pa ntchito yanu) mudzafunsidwa kuti munali ndi yani. Enanso amaunjika "may possibly perhaps" m'chiganizo chimodzi. Mawu amodzi okayikira pa mfundo imodzi akwana, ndipo pomwe manambala anu ali omveka musaikepo n'komwe.

Wa ku labu:
Musaiwale kuti maphunziro amasiyana. Ku chemistry ndi engineering ambiri amafunabe "the samples were heated" mu methods, ndipo palibe amadandaula kuti wolemba wasowa. A education ndi sociology amene achita ma interview ndiye sangabisale, chifukwa amene anafunsa mafunso, m'chiyankhulo chanji, n'kumasulira yekha kapena ayi, zimakhudza mayankho.

Wokonza mathesisi ku Lilongwe:
China: musapititse ndime zanu m'mapulogalamu a AI monga QuillBot kapena ChatGPT kuti Chingerezi chikome. Atha kusintha "claims" kukhala "highlights", kukayika kwanu konse n'kufufutika. Turnitin, pulogalamu yoona kufanana kwa ntchito yanu ndi zolemba za ena, itha kuonetsa peresenti yotsika, koma mukafunsidwa tanthauzo la chiganizo chanu chomwe mudzachita chibwibwi.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga asupavaiza akakana "I" ngakhale kabukuko kakuloleza?

Mphunzitsi wa kalembedwe:
Musalimbane nawo, ndiwo amene adzasayine dissertation yanu. Atumizireni tsamba limodzi lolembedwa njira ziwiri, ina ya "I argue", ina ya "this study argues", asankhe okha, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa pa imelo. Akasankha yachiwiri, gwiritsani ntchito imeneyo kuyambira chaputala 1 mpaka 5 osasakaniza, ndipo ntchito ya mapeni awiri ija muichitebe musanabweze chaputala 2.