Sikuta yanga ya two-stroke ikukana kulira, ndiyambire pati?

Mayi wa ku Mpondasi:

Moni nonse a pabwalo lino. Ndili ndi sikuta yaing'ono ya Yamaha Jog, ya injini ya two-stroke ya 50cc, imene ndimayendera popita kuntchito ku boma. Inakhala pakhonde masabata angapo osayenda pa nthawi imene petulo anasowa, ndipo m'thanki munatsala petulo pang'ono amene ndinagula m'chigubu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Tsopano ndathiramo petulo watsopano, koma njinga ikukanabe kulira. Hutala ikulira bwino, ndipo ndikagwira buleki n'kudina batani, sitata ikuzungulira ndithu. Ndikaponda kiki imachita ngati ikufuna kugwira, imatsokomola kamodzi n'kuzima. Makaniko wina, asanamasule ngakhale bawuti imodzi, wandiuza kuti ndigule CDI yatsopano, kabokosi kamagetsi kaja kamene kamatumiza moto ku pulagi, koma mtima wanga sukuvomera kutulutsa ndalama pa chinthu chimene palibe amene wachiyesa. Ndikupempha odziwa kuti andilongosolere zoyenera kuyang'ana ndisanagule chilichonse.

Makaniko wa njinga, Mangochi boma:

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanagule. Njinga imene ikutsokomola n'kuzima ikusonyeza kuti moto ulipo, choncho CDI ndi chinthu chomaliza kuchikayikira. Yambani ndi pulagi, chifukwa ndi imene imaulula zimene zikuchitika m'kati mwa silinda. Pondani kiki kangapo, kenako masulani pulagi n'kuyang'ana kunsonga kwake. Ikakhala yonyowa ndiponso yonunkha petulo, ndiye kuti petulo akufika koma sakuyaka. Ikakhala youma ngakhale mwaponda kambirimbiri, ndiye kuti petulo sakufika m'pang'ono pomwe. Mukatero ibwezereni m'kapu yake, muigundike pa chitsulo cha injini, wina aponde kiki muli pamthunzi, ndipo muyenera kuona moto wabuluu ukudumpha. Mpata wa kunsonga kwa pulagi uzikhala pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm.

Ine maganizo anga ali pa petulo uja anagona m'thanki. Petulo wathu kuno ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Thanki yokhala ndi petulo wochepa, kuno kunyanja kumene masana kumatentha kwambiri, imachita thukuta m'kati, ndipo madziwo amatsikira pansi chifukwa ndi olemera kuposa petulo. Petulo watsopano amene mwathira wakhala pamwamba, pamene kabureta ikuyamwa za pansi. Kuwonjezera apo, petulo wotsala m'kambale ka kabureta amauma n'kusiya utomoni umene umatseka jeti yaing'ono, ija timati pilot jet, imene njinga imadalira polira ndi poima. Kabowo kake n'kakang'ono kwambiri moti kamchenga kamodzi kochokera m'chigubu n'kokwanira kukatseka.

Pali njira yachidule yotsimikizira zimenezi. Dontheza madontho ochepa a petulo wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke m'bowo la pulagi, mumange pulagi, muponde kiki. Ikalira kwa kanthawi n'kuzima, moto ndi silinda zili bwino, ndipo vuto lili pa njira ya petulo. Mukatero masulani kasikuluu ka pansi pa kabureta, mukhuthulire zotuluka m'botolo loonekera m'kati, mudikire pang'ono, ndipo ngati muli madzi mudzaona mzere wake pansi. Dziwaninso kuti tapu ya petulo ya njinga zimenezi ilibe chotsegulira pamanja, imatseguka yokha injini ikamayamwa mpweya kudzera m'kapaipi kakang'ono. Kapaipi kameneko kakang'aluka ndi dzuwa, petulo satsika ngakhale thanki itadzaza. Potsuka jeti musalowetsemo singano, chifukwa mudzakuza bowo. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira kabureta ndi mpweya wa pampu. Zonsezi muchitire panja, kutali ndi mbaula.

Mwini maboti, Makawa:

Ndikuvomereza zimene anena achimwene a ku boma, koma ndiwonjezepo mbali imene sanaikhudze, popeza ife asodzi timakhala ndi ma injini a two-stroke tsiku lililonse. Mayi, musanamasule kabureta, suzumirani kubowo la ekizozi. Njinga ikakhala pakhonde nthawi yaitali, mavu aja omanga zisa zadothi amakonda kumata m'mabowo otero, ndipo injini ya two-stroke imene utsi wake ulibe potulukira singayamwe petulo watsopano, imangotsokomola monga mwafotokozeramo. Ikani dzanja kubowoko wina akuponda kiki, mumve ngati mpweya ukukuwombani. Tsegulaninso bokosi la fyuluta ya mpweya, pakuti siponji yake imadzaza fumbi la misewu yathuyi, ndipo ikakalamba imanyenyeka n'kulowa m'kabureta.

Nkhani ina imene ndimaidandaula ndi ya oyilo. Kuno kunyanja oyilo wopezeka msanga ndi wa injini za maboti, wolembedwa TC-W3, ndipo anthu ambiri amamuthira m'njinga poganiza kuti two-stroke ndi imodzimodzi. Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja, pamene ya sikuta imazizira ndi mpweya wa fani ndipo imatentha kwambiri, choncho imafuna oyilo wolembedwa JASO FC kapena FD. Oyilo wa galimoto ndiye musayese n'komwe, chifukwa sapsa bwino, amadetsa pulagi ndi kudzaza mwaye mu ekizozi. Jog ili ndi thanki yakeyake ya oyilo ndi pampu imene imamuyeza, koma ngati amene anakugulitsani anachotsa pampuyo, muyenera kusakaniza nokha, 20 ml pa lita imodzi ya petulo, umene ndi muyeso wa 50:1.

Mayi wa ku Mpondasi:

Zikomo kwambiri, bambo a ku boma ndi bambo a ku Makawa. Ndachita zimene munanena mothandizana ndi mchimwene wanga. Pulagi inali youma, moto wake ndi wabuluu, ndipo titadontheza petulo m'bowo njinga inalira pang'ono n'kuzima. Ekizozi ikupuma bwino ndipo pampu ya oyilo ilipo. M'botolo munaoneka madzi pansi pamodzi ndi timchenga tofiira, choncho takhuthula thanki yonse ndi kutsuka jeti. Tsopano ikulira, koma m'mawa imafuna kuiponda kwa nthawi yaitali, ndipo ikatentha injini imakwera yokha osatsika msanga ndikasiya mafuta. Kodi zimenezi zidzatha zokha ikamayenda?

Makaniko wa njinga, Mangochi boma:

Mayi, zimenezo sizitha zokha, ndipo ndikupemphani kuti musazitenge mopepuka. Injini yokwera yokha ndi chizindikiro chakuti ikuba mpweya penapake pakati pa kabureta ndi silinda, kapena kuti jeti ija sinatseguke yonse. Mu two-stroke petulo ndi oyilo zimadutsa kaye m'chipinda cha crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazunguza, zisanakwere kusilinda, motero mpweya wolowera pambali umachepetsa petulo, injini n'kumatentha mopitirira, ndipo mapeto ake pisitoni imagwira.

Yang'anani kaye labala imene imalumikiza kabureta ku injini. Ipindeni pang'ono ndi zala pamalo owala, chifukwa ming'alu yake imabisala, ndipo onetsetsani kuti munamanga bwino bandi yake pamene mumabwezera kabureta. Yang'ananinso kapaipi ka tapu kaja. Ngati zonsezi zili bwino, chotsatira ndi reed valve, timapepala tiwiri kapena tingapo topyapyala timene tili kuseri kwa labalayo. Mukatiyang'ana moloza kuwala tisamaonetse mpata, ndipo tikapindika kapena kubenthuka njinga imavuta kulira m'mawa. Ma oil seal a crankshaft, malabala otseka m'mbali mwake kuti mpweya usalowe, nawonso amauma njinga ikakalamba, koma amenewo amafuna makaniko wokhala ndi zida zochotsera maginito.

Za kuvuta m'mawa, kayikiraninso choki, imene imawonjezera petulo injini ikakhala yozizira. Njinga zimenezi zili ndi choki yamagetsi imene imakhala yotsegula injini ikazizira, n'kumatseka pang'onopang'ono ikamalandira magetsi, ndipo kanjira kake ka petulo m'kambale kamatsekekanso ndi utomoni womwe uja. Anthu ambiri amatsuka jeti n'kuiwala kanjira kameneka. Pomaliza, pemphani makaniko ayeze kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, ndi geji, atatsegula mafuta onse. Ikatsika pansi pa 90 psi, maringi a pisitoni atha, ndipo kusintha maringi a 50cc si ntchito yaikulu. Kufikira kukwera kokhako kutatha, yendani nayo pafupi pokha komanso pang'onopang'ono, ndipo musakwere nayo phiri la Chowe popita ku Namwera, chifukwa pa chikweza chachitali chotero m'pamene injini yoba mpweya imagwira.