Masiku 6 kwa a Basque ndi mayi anga: tigone kuti?

Mwana wachisamba

Abale, ndigawireni nzeru. Mu March ndikupita ndi mayi anga kudera la anthu a mtundu wa Basque, kumpoto kwa Spain. Titsika ndege ku Bilbao Loweruka, ndipo tili ndi masiku 6 okha. Mayi ali ndi zaka 68, bondo lakumanzere limawavuta. Iwo akuti akufuna kuona nyanja, kudya nsomba yabwino ndi kuona mmene eni dziko amakhalira. Galimoto sitibwereka. Tigone ku Bilbao masiku onse kapena tisamukire ku San Sebastián? Nanga katchalitchi kaja ka pathanthwe m'nyanja, Gaztelugatxe, mayi angafikeko?

Wokonda nsomba

Achemwali, za Gaztelugatxe musawazunze mayi. Masitepe ake alipo 241, ndipo musanawafike mumayamba mwatsika njira yotsetsereka, yomwe pobwerera muikwerenso. Ine wa miyendo yabwinobwino ndinafika pamwamba ndili wefuwefu. Kumtunda kufupi ndi msewu kuli malo oonera, pamenepo pawakwanira.

Ku Bilbao mugone masiku atatu, chifukwa Lolemba ndikufuna mukwere sitima ya Euskotren mupite ku Gernika. Lolemba ndi tsiku la msika kumeneko. Alimi amatsika kumapiri ndi nyemba, ndiwo zamasamba ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa, ndipo chinenero chawo mudzachimva bwino pamsikapo kuposa pakati pa Bilbao. Linalinso Lolemba, pa 26 April 1937, pamene ndege za Germany ndi Italy zothandiza Franco, mkulu wa asilikali amene anadzalamulira Spain mwankhanza, zinaphulitsa tauniyi. Ndinaima pamsikapo ndikuganiza zimenezo, mtima unandiwawa. Musachoke osaona mtengo wa thundu umene olamulira ankalumbirirapo kuti adzalemekeza malamulo a anthu a ku Bizkaia, chigawo chimene muli Gernika ndi Bilbao.

Lachiwiri kwerani basi ya ku San Sebastián. Ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo, pomwe sitima imadya maola oposa awiri ndi theka. Njira ya m'mbali mwa gombe la La Concha ndi yosalala, mayi adzayenda osadandaula. Vuto lili pa ma pintxos, tizakudya tija timene amayala pa kauntala. Eni ake amadya chiimire, kamodzi kapena tiwiri, n'kupita pena. Inu muzifika msanga anthu asanadzaze kuti mayi apeze mpando. Mulawe gilda: kansomba ka anchovy, azitona ndi tsabola zobayidwa pa kamtengo.

Koma nsomba yeniyeni ili ku Getaria, kwawo kwa Elcano uja anamaliza ulendo woyamba wozungulira dziko lapansi mu 1522. Basi ilipo. Amaotcha nsomba yathunthu pamakala panja, m'mbali mwa msewu, fungo lake ndi limene limakuitanani. Nsomba yotchedwa turbot ndi yodula ndipo kawirikawiri amaigulitsa poyeza kulemera, ndiye muyambe mwafunsa mtengo.

Woyenda wapansi

Achimwene afotokoza bwino, koma aiwala chimene March amadziwika nacho. Kuyambira January mpaka April ndi nyengo ya mowa wa maapulo, ndipo tauni ya Astigarraga, yotchuka ndi mowawu, ili pafupi kwambiri ndi San Sebastián. M'nyumba zofululira mowawu, zotchedwa sagardotegi, wina akakuwa kuti "txotx!" anthu amandanda ndi matambula pa mgolo waukulu wamatabwa n'kumatchera mowa ukutumphuka. Chakudya chake n'chodziwikiratu: mazira okazinga ndi bakayawo, bakayawo wa tsabola, nyama ya ng'ombe yootcha, kenako tchizi ndi mtedza. Ngakhale mayi atakhala kuti samwa, mupite. Muyambe mwafunsa ngati pali mipando, poti kwina amadya chiimire, ndipo muwaveke juzi chifukwa mumazizira.

Ambulera musaiwale. Kuli mvula yowaza imene amati sirimiri, ndiyo imabiriwitsa mapiri onse aja. Chakudya chamadzulo m'malesitilanti ambiri sichiyamba isanakwane 8 koloko, choncho muzidya mokhuta masana. Funsani menú del día, chakudya chamasana cha tsikulo cha mtengo umodzi.

Mphunzitsi wopuma

Mwanangu, phunzirani mawu awiri: kaixo ndi moni, eskerrik asko ndi zikomo kwambiri. Chinenero chawo, Euskara, sichili pachibale ndi china chilichonse cholankhulidwa lero, ndipo m'nthawi ya Franco chinaponderezedwa kwambiri, n'chifukwa chake amachinyadira. Mukaona basi yalembedwa Donostia musasokonezeke, ndi San Sebastián yomweyo.

Mwana wachisamba

Zikomo nonse. Ndawawerengera mayi, asangalala ndi za msika wa Gernika, ndipo za masitepe avomera okha kuti adzaonera kumtunda. Tigona atatu ku Bilbao, otsalawo ku San Sebastián. Achimwene a nsomba, turbot imodzi ingatikwanire awiri?

Wokonda nsomba

Ikwana ndithu, achemwali. Muuze woperekera zakudya kuti muli awiri, akusankhirani ya saizi yake. Muitanitsenso buledi wopiza msuzi wake.