Tanzania masiku 12: ndikhazikike ku Moshi kapena ku Arusha?

Nambewe: Akuluakulu, ndikufuna kupita ku Tanzania mu Julaye, ulendo wanga woyamba kunja. Cholinga changa ndi kuyenda m'mapiri. Ndili ndi masiku 12. Ndikhazikike tauni iti?

Wa ku Likhubula: Achemwali, sankhani matauni awiri basi. Mukachulutsa, masiku athera m'basi. Yambirani ku Moshi, m'munsi mwa Kilimanjaro. Kumeneko mathithi a Materuni mumapita m'mawa n'kubwerako madzulo. Kilimanjaro ndi wa mamita 5,895 ndipo saloleza kukwera popanda wolondolera wovomerezeka. Njira ya Machame imatenga masiku 6 kapena 7. Tengani ya 7, chifukwa amene amathamangira amadwala mutu ndi kusanza kaamba ka kuchepa kwa mpweya, n'kubwerera asanafike pamwamba.

Mbwiye: Zoona, komabe poyambira ndikanakonda phiri la Meru, pafupi ndi Arusha. Ndi masiku 3 kapena 4, mumagona m'tinyumba, ndipo tsiku loyamba mumayenda ndi mlonda wamfuti chifukwa cha njati. Moshi ndi Arusha atalikirana makilomita pafupifupi 80, ndiye musalipire malo ogona konsekonse.

Wa ku Likhubula: Tauni yachiwiri ikhale Lushoto, m'mapiri a Usambara. Basi imakhotera pa Mombo n'kukwera chitunda. Kumeneko mumayenda wapansi mudzi ndi mudzi, kuyambira ku Irente, malo okwera oonerapo chigwa pafupi ndi Lushoto. Julaye kumazizira zedi, musaiwale juzi yokhuthala. Nsapato zatsopano muyambe kuzivala panopa, zingakakutulutseni matuza.