Galu wanga wakweredwa maulendo awiri koma osatenga bere, ndikuphonya pati?

Wa ma GSD, Area 25: Mabwana mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru apa ine mutu waima. Ndili ndi German Shepherd (GSD) wamkazi wa zaka zitatu, mahiti (nyengo yofuna mphongo) awiri apitawa ndinamupititsa kwa mphongo tsiku la 11 ndi la 13 monga timanenera muno, koma ziii. Ulendo wachiwiriwu mpaka mawere anatupa mkaka kumatuluka, iye kumakokera masaka pakona ngati akukonza poswera, ine kuuziratu makasitomala atatu kuti ana ali m'njira, masiku 70 kukwana popanda ndi kamwana kamodzi komwe. Ya mphongo ndinalipira kawiri konse. Pano wayambanso kutupa kumbuyoku, sindikufuna kuluzanso

Madala a ma Boerboel: Anakolana koma? Kapena anangokwerana pang'ono basi

Wa ma GSD, Area 25: Koyamba anakana madala, ankangokhala pansi n'kumaluma mphongoyo mpaka tinachita kumugwira anthu awiri. Kachiwiri anakolana mwina 10 minitsi

Madala a ma Boerboel: Galu amene akufuna sachita kugwiridwa achimwene, amaima yekha nji mchira n'kupatutsira kumbali. Nanga 11 yanuyo munayamba kuwerenga liti?

Wa ma GSD, Area 25: Tsiku lomwe ndinaona magazi pa simenti m'kholamo

Madala a ma Boerboel: Kkkk ndi pomwepo pagona nkhani. Agalu ena ngaukhondo, amadzinyambita tsiku lonse, inu podzaona dontho pa simenti mwina papita kale masiku anayi kapena asanu. Ndiye 11 yanuyo inali 15 kapena 16, sitima itadutsa kalekale

Mayi a ku Namiwawa: Ine zinandichitikira chimodzimodzi mpaka ndinagula kope la agalu okhaokha. Akangoyamba kutupa m'mawa uliwonse ndimamupukuta ndi tishu yoyera n'kulemba deti ndi mtundu wake. Masiku oyamba amakhala magazi ofiira, pamene pali kulimba, mphongo ikafika amaikalipira. Kenako kufiira kuja kumayamba kusuluka kukhala ngati madzi otsukira nyama, potupa paja kufewa ndi timakwinya, mukamukanda pamsana cha kumchira mchira uja umapita wokha kumbali. Pamenepo ndiye ndimaimbira mwini mphongo, osati chifukwa kalendala yanena ayi

Vetenale wa m'gulu: Amayi anena bwino. Gawo la magazi limatenga masiku 9 pa avareji ndipo lolola mphongo limatenganso cha m'ma 9, koma avareji si galu wanu, wina amalola tsiku la 7 wina mpaka la 18. Mazira akatuluka amafuna masiku awiri kuti akhwime, umuna wa galu umakhala wamoyo m'kati masiku asanu kapena kuposa, ndiye kulawirira pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kuchedwa. Akayamba kuima kweretsani, mudumphe tsiku, mukweretsenso. Ngati thumba likulola funsani ku kiliniki za kuyeza homoni ya progesterone m'magazi, ndiye yolondola kuposa zonsezi.

Za mkaka zija ndi bere labodza. Hiti ikatha progesterone imakhalabe yokwera pafupifupi miyezi iwiri kaya watenga kaya ayi, ikamatsika thupi limaona ngati waswa. Musamaukame mkakawo, mumangouchulukitsa. Ndipo musamalonjeze anthu ana musanapange sikani, masiku 28 kapena 30 chikwerereni imaonetsa bwinobwino

Mnyamata wa ku Mzuzu: Adokotala nanga ka pulegi testi ka ku famase kaja sikangagwire? Kotchipa katere

Vetenale wa m'gulu: Sikagwira aise, kamafufuza homoni ya anthu yomwe galu alibe

Madala a ma Boerboel: Komanso mphongoyo mwaifufuza? Tisamangomunamizira wamkazi. Funsani mwini wake kuti ana ake omaliza anabadwa liti, akayamba kuzungulirazungulira sakani ina. Ndipo mpanda mutseke zenizeni masabata atatu onse, bere limodzi limatha kukhala ndi abambo awiri, ine ndinaswetsapo ma Boerboel asanu ndi tiwiri ta makutu osongoka tofanana ndi kagalu ka aneba kkkk

Mnyamata wa ku Mzuzu: Wanga wa lokolo akudontha magazi mwezi wachiwiri uno, hiti yake ndi yotalika chonchi?

Vetenale wa m'gulu: Imeneyo si hiti. Amayendayenda kunja eti? Nthawi zambiri chimakhala chotupa cha TVT chomwe amapatsirana pokwerana, m'kati mumamera kanyama konga kolifulawa kosachedwa kutuluka magazi. Chimachizika ndi jakisoni wa vincristine sabata ndi sabata. Mumupititse akamuone, ndipo asayandikane ndi mphongo iliyonse. Galu amenenso watha hiti mwezi kapena iwiri yapitayo akayamba kutuluka mafinya, kumwa madzi kwambiri ndi kufooka, musadikire kuche, chiberekero chaola chimenecho

Wa ma GSD, Area 25: Ndangochoka kukhola ndi tishu. Pa simenti palibe kanthu koma tishuyo yafiira psuu. Ndiye kuti wayamba kale ine osadziwa

Mayi a ku Namiwawa: Lembani lero ndi chikwesheni maki pambali, mawa 6 koloko mupukutenso mutitumizire chithunzi tione limodzi